Anayi akumbuyo a ku Cameroon: mzati weniweni anali ndani?

Mng'ono wanga akuti wasiya nambala 5.

Anandiuza Loweruka lapitali tikuchokera kudimba, iye atasenza mtolo wa mpiru, ine nditanyamula makheni othiririra. Sanazungulire ayi. Anangoti, “Achimwene, ine zosewera kumbuyo ndasiya. Kuyambira pano ndizikaima kutsogolo.”

Mnyamatayu ali ndi zaka 17. Chiyambire ali kupulayimale wakhala akusewera pakati pa otchinga kumbuyo m'timu ya m'mudzi mwathu, kuno kwa Njewa, kufupi ndi Mpingu. Sikuti ndikumuchemerera poti ndi m'bale wanga, koma mwanayu mpira wam'mwamba amaudziwa, ndipo sathamangira kugwetsa munthu. Ndiye ndinamufunsa chimene chalakwika.

Nkhani yake inali iyi. Mwezi wathawu kunali bonanza. Timu yawo inasewera masewero atatu osagoletsedwa ngakhale kamodzi, n'kutenga mbuzi ndi yunifomu. Pa fainolo anapambana 1-0. Amene anagoletsa chigolicho ananyamulidwa m'mwamba kuchokera pabwalo mpaka pamsika, amayi akulululutira. Bambo wina, amene anthu ankanong'onezana kuti amasakira osewera timu ina ya m'tauni, anatenga nambala ya foni ya mnyamata yemweyo. Mng'ono wanga anabwera kunyumba ndi msongolo wotupa, ndipo amene anamuthokoza ndi goloboyi yekha.

“Inuyo mumati mpira mumautsata,” anatero tikuwoloka kamtsinje. “Chigoli chimene Gaba anamwetsa Morocco mumachidziwa mpaka mphindi yake. Nanga mwa anthu anayi amene ankatchinga kumbuyo tsiku lija, katswiri anali ndani?”

Maina ndinawatchula onse anayi osalakwitsa. Koma funso lenilenilo ndinalibe yankho lake. Iye anangoseka, n'kupitiriza ulendo.

Usiku womwewo ndinaliponya funsolo pagulu lathu la WhatsApp, la anzanga amene tinaphunzira limodzi, ena ali ku Nsaru, ena ku Namitete, ena ku Joni. Yankho loyamba linali vidiyo ya chigoli cha Gabadinho Mhango. Lachiwiri linali vidiyo yomweyo, koma yothiridwa nyimbo. Apa ndinaona kuti mwana uja sakunama. Ndinatsimikiza mtima kuti ndimuyankha bwinobwino, ndi zifukwa zake, asanakapereke jezi ija kwa munthu wina.

Tikumbutsane kaye

Mpikisano wake ndi Africa Cup of Nations wa 2021, umene unachitika mu Januwale 2022 ku Cameroon chifukwa cha mliri wa Covid-19. Kanali kachitatu Flames kufika kumeneko, pambuyo pa 1984 ku Ivory Coast ndi 2010 ku Angola. Masewero atatu a m'gulu tinasewerera ku Bafoussam. Pa 10 Januwale tinagonja 1-0 ndi Guinea. Pa 14 tinakwapula Zimbabwe 2-1, zigoli zonse ziwiri za Gaba. Pa 18 tinalepherana ndi Senegal 0-0. Mapointi anayi amenewo anatidutsitsa kupita mu ndime ya matimu 16, koyamba m'mbiri ya dziko lino.

Pa 25 Januwale, ku Yaoundé, tinakumana ndi Morocco. Tsiku limenelo sindingaliiwale. Namondwe Ana anali atangokantha chigawo chakummwera, anthu atataya miyoyo ndi nyumba, malo opangira magetsi a Kapichira ataonongeka, dziko lili mumdima. Ife tinaunjikana m'vidiyo sho ina pa Mpingu, jenereta ikulira kuseri, mabenchi atadzadza mpaka ena kukhala pamiyendo pa anzawo. Pa mphindi 7 Gaba anaona kuti Yassine Bounou watalikira golo lake, n'kuumenya ali kutali kwambiri. Benchi yathu inathyoka. Kenako Youssef En-Nesyri anabweza ndi mutu chigawo choyamba chitatsala pang'ono kutha, ndipo Achraf Hakimi anatimaliza ndi firikiki pa mphindi 70.

Masewero anayi, tinagoletsedwa zigoli zinayi. Pa masewero awiri akuluakulu aja, a Senegal ndi Morocco, kumbuyo kunali Stanley Sanudi kumanja, Gomezgani Chirwa kumanzere, pakati Dennis Chembezi ndi Lawrence Chaziya. Amenewa ndi anthu anga anayi.

Vuto la foni zathuzi

Ndinagula bandulo n'kuyamba kusaka pa YouTube. Apa ndi pamene ndinazindikira chimene chimatipusitsa. Timavidiyo tambiri ta masewero ndi ta mphindi zitatu kapena zisanu. Mumaonetsedwa zigoli, mipira yomenya chitsulo, ndi goloboyi akuuluka. Wotchinga kumbuyo amaoneka m'kavidiyo kotere pokhapokha akalakwitsa. Akaima pamalo oyenera, mdani n'kuona kuti njira yatsekeka, n'kubweza mpira kumbuyo, palibe chojambula. Palibe chimene chachitika, ndipo ntchito yake ndi imeneyo, kuti pasachitike kanthu.

Zili ngati kudimba kwathu. Ogula akabwera amayamikira tomato, kukula kwake ndi kufiira kwake. Sindinamvepo munthu akuyamikira mpanda. Koma tsiku limene mbuzi zapeza pobowoka, mudzi wonse umakamba za mpanda.

Matendawa si athu okha. Chipatsidwire Ballon d'Or kwa Fabio Cannavaro wa ku Italy mu 2006, palibe wotchinga kumbuyo wina amene wailandira. Virgil van Dijk anafika pafupi mu 2019, Liverpool itatenga Champions League, koma anaperewera mapointi 7 okha kwa Lionel Messi. Ngakhale kwathu kuno, mukafunsa za tsiku lija la 11 Januwale 2010 pamene tinaswa Algeria 3-0 ku Luanda, dzina la Elvis Kafoteka limatuluka msanga. Chifukwa chake? Anagoletsa ndi mutu. Zoti iyeyo, Peter Mponda, James Sangala ndi Moses Chavula anatseka pakamwa timu imene miyezi isanu pambuyo pake inakasewera World Cup, zimabwera pambuyo, ngati zabwera n'komwe.

Ndiye ndinati ndisiye kuwerenga zigoli, ndidzifunse mafunso ena. Loyamba: munthuyu ankalimbana ndi ndani? Lachiwiri: zinthu zitasokonekera pozungulira iye, anagwedezeka kapena anaima? Lachitatu: anzake oyandikana naye ankaoneka bwino kapena ankavutika? Lachinayi, lomaliza osati loyamba: anathandiza chiyani kutsogolo? Muyeso umenewu ndi wanga, sindinaubwereke kwa kochi aliyense. Amene ali ndi wake abwere nawo.

Stanley Sanudi: amene anatsegula chitseko

Anzanga a Noma pagulu paja sanachedwe. Kwa iwo nkhani inatha kalekale, ndi Sanudi basi, amene pa nthawiyo ankasewera ku Wanderers. Mfundo yawo ndi yolemera. Pa 29 Malichi 2021, pa Kamuzu Stadium, Flames inkafunika kugonjetsa Uganda kuti ipite ku Cameroon. Chigoli chimodzi chimene chinatipititsa anagoletsa ndi Richard Mbulu, ndi mutu, ndipo mpirawo anaponya ndi Sanudi kuchokera kumanja. Mnzanga wina analemba kuti, “Popanda mwendo umenewo, enawo mukanawaonera kuti?”

Zoona. Ndipo ku Cameroon mbali yake inali yotentha. Kumanzere kwa Senegal ndi kumene Sadio Mané amakonda kudzera, ndipo Morocco inali ndi Sofiane Boufal, munthu wosewera ndi mpira ngati wamangiriridwa kuphazi. Mané anatuluka m'bwalo tsiku lija wopanda chigoli. Pa funso langa loyamba ndi lachinayi, Sanudi akhoza bwino kwambiri.

Koma pali mbali inanso.  Chigoli cha Zimbabwe, Ishmael Wadi anagoletsa ndi mutu mpira woponyedwa ndi Onismor Bhasera, wotchinga kumbuyo wa kumanzere kwawo. Kumanzere kwa adani ndi kumanja kwathu. Sindikuti mlandu wonse ndi wa Sanudi, chifukwa wakumbuyo wa adani akakwera, woyenera kubwerera naye ndi wapambali wathu wakutsogolo. Koma wosewera wokonda kukwera amasiya malo kumbuyo kwake, ndipo adani ochenjera amawaona. Mphatso yake ndi ngongole yake zimachokera m'thumba limodzi.

Gomezgani Chirwa: penate imene tinalandidwa

A Maule nawo anali ndi munthu wawo. Chirwa, wa Nyasa Big Bullets pa nthawiyo, ndi amene ali pakati pa chithunzi chimene chimatiwawabe mpaka lero. M'chigawo chachiwiri cha masewero a Senegal analowa m'bokosi akuthamanga, Bouna Sarr n'kumugwetsa, woyimbira n'kuloza pa penate. Pa Mpingu tinavina. Kenako woyimbira uja anapita kukaona pa VAR, n'kubwera atasintha maganizo. Bambo wina wachikulire amene anakhala pafupi nane anavula chipewa, n'kuchiyang'ana m'kati nthawi yaitali ngati muli yankho.

Taganizirani. Senegal imeneyo ndi imene inakatenga chikho pa 6 Febuluwale itagonjetsa Egypt pa mapenate. Munthu amene anatsala pang'ono kuigwetsa sanali wakutsogolo, anali wotchinga kumbuyo wosewera mu ligi ya konkuno. Patatha sabata imodzi, mbali yake ndi imene Hakimi wa Paris Saint-Germain ankadzera, mmodzi mwa anthu aliwiro kwambiri pa mpira wa dziko lonse. Hakimi anagoletsa, inde, koma pa mpira woima. Firikiki yokhota pamwamba pa khoma palibe wakumbuyo amene angaitchinge.

Ngati funso likanakhala lakuti ndani anali wolimba mtima kwambiri, ndikanalemba dzina la Chirwa n'kutseka foni. Koma ndinadzigwira. Ndinaona kuti nanenso ndayamba kugwa m'dzenje lomwe lija. Ndikumukumbukira chifukwa cha zimene anachita m'bokosi la adani, osati m'bokosi lathu. Ndi Kafoteka wina ameneyu. Komanso tinene zoona, usiku wa Morocco mbali zonse ziwiri zinkapsa, ndipo Charles Thom akanapanda kuuluka m'mene anaulukira pagolo paja, bwenzi tikukamba nambala ina.

Lawrence Chaziya: wobwera mochedwa

Uyu ndi amene mtima wanga unkafuna kuti apambane, sindibisa. Ankasewera ku Civo, timu ya mu Lilongwe momwemu, imene ena a ife tinaionerapo pa Civo Stadium titakwera minibasi ya pamsewu wa Mchinji. Popita ku Cameroon, malo a pakati aja anali ndi mwini wake, kaputeni Limbikani Mzava, munthu amene wasewera zaka zambiri mu ligi yaikulu ya ku South Africa ndipo pa nthawiyo anali ku AmaZulu. Mzava atavulala, lamba wa ukaputeni unapita kwa John Banda, ndipo dzenje la pakati analowamo ndi Chaziya.

Ganizirani kukhala pa benchi, kenako n'kuuzidwa kuti mawa ndiwe, ndipo obwerawo ndi Senegal. Ambiri miyendo ikanalemera. M'maso mwanga, Chaziya anasewera ngati munthu amene wakhala pamenepo zaka khumi. Sankafuna zokongola. Mpira woopsa ankauchotsa, wam'mwamba ankaulimbirana, ndipo sankaoneka kuti dzina la munthu amene ali naye likumuopsa. Mpikisano utatha anapeza timu kunja, Al-Hussein ya ku Jordan. Mfundo imeneyi ndinaisunga padera kuti ndikamuuze mng'ono wanga: alipo anthu amene ntchito yawo ndi kuyang'ana kumbuyo, ndipo amalipira.

Pa funso lachiwiri, la kusagwedezeka, Chaziya ali pamwamba. Chimene chikumuchotsera ndi chakuti sanasenze mtolo kuyambira pachiyambi. Ndipo pamene ndinkaganiza za m'mene munthu wolowa mwadzidzidzi anakhazikikira msanga chonchija, funso lina linandibwerera: kodi pambali pake panali ndani?

Atsibweni alowerera

Ndisanayankhe funso limenelo, Lamulungu masana ndinapita kwa atsibweni ku Nsaru kukatenga mbewu ya mtedza. Iwowa mpira anayamba kuumvera pa wailesi ya MBC ife tisanabadwe, ndipo m'mutu mwawo muli mabwalo amene sanawapondepo. Nditawafotokozera mkangano wathu, anayamba aseka.

“Mphwanga, ana anuwa ndi abwino, koma inu simunaone anthu. Jack Chamangwana ankatchedwa Africa. Ukuganiza kuti dzina limenelo amangopatsa aliyense? Anakasewera ku Kaizer Chiefs. Young Chimodzi ku Silver, munthu wosapupuluma. Patrick Mabedi anavala lamba wa ukaputeni ku Chiefs komweko, m'dziko la eni.”

Ndinati, “Atsibweni, amenewo sindikuwakana. Koma ine ndikufunsa za anayi a ku Cameroon.”

Anakhala chete pang'ono akutongola chimanga. Kenako anati, “Ukafuna kudziwa mzati wa nyumba, usayang'ane wopakidwa laimu. Yang'ana umene ukauchotsa denga ligwa.”

Ananenanso chinthu china chimene sindinachiganizepo. Anati ndiwerenge anthu amene aphunzitsapo Flames. Chamangwana anaiphunzitsa. Chimodzi anaiphunzitsa. Mabedi anaiphunzitsa. Meck Mwase, amene anatipititsa ku Cameroon, nayenso ankasewera kumbuyo. Mponda anatenga ligi ya TNM ndi Silver Strikers mu 2024 ali mphunzitsi. “Wakutsogolo amaona golo,” anatero atsibweni. “Wakumbuyo amaona bwalo lonse, anthu 21 ali patsogolo pake kapena pambali pake. N'chifukwa chake akakalamba amadziwa kuphunzitsa.” Masamu awo anaphonya pang'ono, chifukwa goloboyi amakhala kumbuyo kwake, koma sindinawatsutse. Mfundo inali itamveka.

Dennis Chembezi: amene sitinamutchule

Pobwerera pa kabaza ndinatsegulanso gulu lathu la WhatsApp n'kuwerenga mauthenga onse kuyambira pamwamba. Sanudi anatchulidwa. Chirwa anatchulidwa kambirimbiri. Chaziya anatchulidwa. Mzava anatchulidwa ndi anzathu a ku Joni. Dzina la Chembezi linalembedwa kamodzi kokha, ndipo analemba ndine, pofunsa funso.

Ndiye tiyeni tione zimene zinkachitika pozungulira munthu ameneyu, amene anadzera ku Wanderers ndipo pa nthawiyo anali ku Polokwane City ya ku South Africa.

Pa benchi zinthu zinasintha. Covid-19 inagwira anthu angapo m'timu, kuphatikizapo mphunzitsi Mario Marinica wa ku Romania, moti masewero awiri oyamba anatsogolera ndi Meck Mwase, Marinica n'kubwerera pa masewero a Senegal. Kumbuyo kwake zinthu zinasintha: pagolo anayamba ndi Ernest Kakhobwe, anamaliza ndi Charles Thom. Pambali pake zinthu zinasintha: anayamba ndi Mzava, kaputeni wodziwa zambiri, anamaliza ndi Chaziya, amene mpikisano waukulu chonchi unali woyamba kwa iye. Amene anasewerapo kumbuyo akudziwa kuti palibe chovuta ngati zimenezi. Anthu awiri a pakati ndi goloboyi wawo amayenda ngati ng'ombe zapagoli. Uyu akapita kukalimbana ndi mdani, uyo amatsalira kutseka kumbuyo kwake. Mzere wa ofusayidi umakwera ndi kutsika ndi mawu a munthu mmodzi. Goloboyi wina amakonda kutuluka, wina amakonda kudikira pamzere, ndipo wapakati amayenera kudziwa zimenezi asanatembenuke. Mukasintha ng'ombe imodzi pakati pa munda, mizere imakhota.

Ku Cameroon mizere sinakhote. Mnzake wasintha, goloboyi wasintha, mawu a pa benchi asintha, koma masewero otsatira ndi amene Flames inatuluka osagoletsedwa, pamaso pa timu imene inakatenga chikho. Munthu amene analipo pakati paja zonsezi zisanasinthe ndiponso zitasintha ndi Chembezi. Ali ndi Mzava anali wamng'ono womvera. Ali ndi Chaziya anayenera kukhala wamkulu wolankhula. Ntchito ziwiri zosiyana m'sabata imodzi, ndipo sitinamve phokoso lililonse.

Pa funso langa lachitatu, lakuti anzake oyandikana naye ankaoneka bwanji, yankho lili poyera. Chaziya anawala mpaka kupeza timu kunja. Thom anawala mpaka dziko lonse kumudziwa. Chirwa anapeza ufulu wokwera mpaka kukagwetsedwa m'bokosi la Senegal. Wakumbali sakwera chonchija ngati sakukhulupirira kuti kumbuyo kwake kuli munthu.

Mlandu womutsutsa

Ndikanakhala wabodza ndikanati palibe chomudandaulira. Mwa zigoli zinayi zimene tinagoletsedwa, ziwiri zinali zamutu, cha Wadi ndi cha En-Nesyri. Mpira wam'mwamba ukagwera m'bokosi, oyamba kufunsidwa ndi a pakati, ndipo Chembezi anali m'bwalo maulendo onse awiri. Cha En-Nesyri chimawawa kwambiri chifukwa cha nthawi yake. Tikanapita kokapuma tikutsogola 1-0, ndani akudziwa?

Mnzanga wa ku Namitete, amene sakhulupirira chilichonse, anabweretsanso mfundo ina. Anati 0-0 ya Senegal tisaikweze kwambiri, chifukwa Senegal m'gulu lonse lija inagoletsa chigoli chimodzi chokha, penate ya Mané pa Zimbabwe kumapeto kwenikweni, ndipo ndi Guinea nayonso inalepherana 0-0. Akunena zoona. Mkango unali usanadzuke bwinobwino. Koma ndinamuyankha kuti Zimbabwe inakumana ndi mkango wogona womwewo n'kulumidwa pa mphindi yomaliza, chifukwa cha kulakwitsa kumodzi m'bokosi. Ife sitinalakwitse. Kusalakwitsa kwa mphindi 90 ndiye katundu amene wotchinga kumbuyo amagulitsa.

Pa funso lachinayi, la kuthandiza kutsogolo, Chembezi ali kumbuyo kwa Sanudi ndi Chirwa, ndipo sizodabwitsa. Sanatumidwe zimenezo.

Chigamulo changa

Ndikawaika pamzere, ndiyamba ndi Chembezi. Wachiwiri Chirwa, chifukwa cha anthu amene analimbana nawo ndi mtima umene anaonetsa. Wachitatu Chaziya, amene akanasewera kuyambira tsiku loyamba mwina bwenzi nkhaniyi ili ina. Wachinayi Sanudi, ndipo a Noma musandiponye miyala, chifukwa ndikuyeza masewero a ku Cameroon okha. Tikanati tiyeze ulendo wonse kuyambira pa Kamuzu Stadium, akanakwera.

Chimene chandichititsa manyazi n'chakuti munthu amene ndamuika pamwamba ndi yemweyo amene gulu lonse la anthu odzitcha okonda mpira linamuiwala. Sitinamuiwale chifukwa anasewera moipa. Tinamuiwala chifukwa sanatipatse chifukwa chomutukwanira, ndipo ife wakumbuyo timamudziwa pomutukwana. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ife pa mpira sitidekha, maso athu amathamanga ndi mpira ngati mwana wa sitandade 1.

Ndinamuyankha mng'ono wanga

Lachiwiri madzulo tinakhala pakhonde, iye akusoka nsapato yake ya mpira ndi ulusi wa thumba la feteleza. Ndinamufotokozera zonse, kuyambira pa Sanudi mpaka pa mzati wa atsibweni. Anamvetsera osandidula, chinthu chosowa kwa iyeyu.

Nditamaliza anati, “Ndiye mukuti katswiri ndi amene aliyense anamuiwala. Achimwene, mukundilimbikitsa kapena mukundiuza kuti ndichokedi?”

Ndinaseka, koma funsolo linali lolasa. Sindikanamunamiza kuti akakhala kumbuyo adzanyamulidwa mpaka pamsika. Sadzanyamulidwa. Ndinamuuza zimene ndikuzikhulupirira. Anyamata ofuna nambala 9 ndi odzadza bwalo lililonse kuyambira pa Mpingu mpaka kwa Kabudula, ndipo iye akapita kutsogolo adzakhala mmodzi mwa khamu limenelo, wongoyamba kumene ali ndi zaka 17. Anyamata odziwa kuwerenga mpira usanafike, olankhula ndi goloboyi, osagwa pansi mwachisawawa, ndi ochepa. Chaziya anachoka pa Civo kupita ku Jordan osagoletsa chigoli chotchuka chilichonse. Bambo uja wa pa bonanza anatenga nambala ya wogoletsa chifukwa anaonera masewero amodzi ataimirira pamzere, akucheza. Mphunzitsi weniweni saonera choncho.

“Nanga mphunzitsi weniweniyo adzandionera kuti kuno kumudzi?”

Apa ndi pamene mlandu unatembenukira kwa ine. Foni ndili nayo. Ndajambulapo masewero awo kangapo, koma nditayang'ana timavidiyo tanga ndinapeza kuti tonse ndi ta zigoli ndi anthu akuvina. M'bale wanga akuoneka kamodzi, chakumbali, akumanga chingwe cha nsapato. Ine ndemwe, wodandaula za YouTube, ndakhala ndikuchita zomwezo.

Tinapangana chonchi. Iye asewera nambala 5 mpaka nyengo ino ithe. Ine Lamulungu lililonse ndizikwera pachulu chimene chili kuseri kwa golo lakumadzulo, foni itagona chopingasa, osatsata mpira koma mzere wakumbuyo: m'mene akuimira mpira uli kutali, nthawi imene akukwera, nthawi imene akubwerera, amene akulozera anzake. Tikasonkhanitsa masewero asanu, tidzadula bwinobwino n'kutumiza kwa aphunzitsi a matimu a achinyamata m'tauni. Mwina adzayankha, mwina sadzayankha. Koma pasadzapezeke wonena kuti mwanayu sanaonedwe chifukwa kunalibe womuyang'ana.

Inunso amene muli ndi foni, ndipo kwanu kuli bwalo la fumbi ndi mnyamata kapena mtsikana amene amabwera kunyumba ndi msongolo wotupa popanda womutchula, yesani kamodzi kuchotsa maso pa mpira kwa mphindi khumi zokha. Mudzaona masewero ena amene akhala akuchitika pamaso panu nthawi yonseyi.

Mng'ono wanga anamaliza kusoka nsapato ija, n'kuiyesa, n'kuponda pansi kawiri. Polowa m'nyumba anatembenuka.

“Koma achimwene, pa Chembezi paja mwalakwitsa. Ndi Chaziya.”

Ndinamufunsa chifukwa chake. Anati adzandiuza Lamulungu, ndikatsika pachulu. Panopa ndili kalikiliki kufufuta zithunzi zakale mufoni kuti mupezeke malo.